Chitedze m'Chigoba cha Nkhono

Anthu amati ndikhululuke, ati zidapita kalekale. Akhululuke iwowo. Ine ndikakumbuka mnyamata wa makutu aakulu uja, ngakhale lero mano adatha m'kamwa muno, mtima umawira ngati zachitika dzulo.

Sukulu ya kwathu, cha kumadzulo kwa Nsaru, idali kanyumba ka udzu komwe Lamulungu kankasanduka tchalitchi. N'kuti amuna ambiri a m'mudzi atapita ku nkhondo ya azungu. Mipando idali ya dothi, yozira ngati khonde. Tinkalowa masana titaweruka kumunda, aphunzitsi akamenya khasu lakutha lomwe adalipachika pamtengo. Tinkawerenga zilembo za pakhoma, kenaka n'kutuluka kukalemba ndi chala pamchenga. Sileti ankapatsa okhawo amene ansembe a ku mishoni awayesa n'kuwapeza kuti akhoza. Ine sileti ndinkachita kuilota.

Kuti ndilowe sukuluyo padavuta. Mayi ankaphunzira za ubatizo, koma amalume, eni mbumba, za sukulu sankafuna n'kuzimva komwe. Aphunzitsi adawayendera mpaka kuwatopetsa, ndiye tsiku lina amalume adati, "Chabwino, mtengeni. Koma tsiku limene adzathe msinkhu, ameneyu ndi wathu. Sukulu idzathere pomwepo." Pangano limeneli mudzi wonse unkalidziwa, ndi ana omwe.

Zopusitsana pasukulu zidalipo, sindikana. Anyamata ankamanga udzu mfundo panjira kuti wothamangira belu agwe chafufumimba. Ukalemba bwino pamchenga, wina ankadutsa dala n'kufufuta ndi phazi. Ine ndemwe ndidaikapo nanzikambe paphewa la mnzanga, iye n'kukuwa mpaka agalu a m'mudzi kuuwa. Tinkalira, kutukwanana, mawa lake n'kugawana chimanga chokazinga.

Wa makutu uja adali mwana wa mlongo wawo wa aphunzitsi, ndipo ankayenda ngati sukuluyo adamanga ndi iye. Mutu adali nawo ndithu, koma wanga unkathamanga kuposa wake. Tsono aphunzitsi adali ndi lamulo lakuti amene wayankha bwino azikoka makutu a amene alephera. Ha! Makutu ake aja adali ngati malichero, ogwirika bwino, ndipo ine sindinkakoka mwaulesi ayi. Mnyamata kukokedwa khutu ndi mtsikana, anzake akuona! Tsiku lina ndikumukoka choncho adandinong'oneza kuti, "Iwe udzandiona." Ndidangoseka, n'kuonjezera kupotokola.

Chaka chimenecho bambo atagulitsa fodya adandigulira nsalu yoyera kwa mmwenye ku Namitete. Ndidaivala kusukulu monyadira, n'kukhala pamalo panga pa masiku onse. Ndidamva kanyontho pampando, koma ndidati mwina azira kumene m'mawa. Aphunzitsi atanditchula kuti ndiimirire ndiwerenge, kumbuyo kwanga kudamveka kaphokoso. Mtsikana wina wamkulu adandikokera pansi, n'kundikulunga ndi nsalu yake. Aphunzitsi adayang'ana kudenga nati, "Pita kwanu, mwanawe." Nditatuluka ndidapotoloza khosi. Nsalu yanga kumbuyo idali psuu.

Panjira ndidakumana ndi azakhali akuchokera kuchitsime. Adangoona kamodzi, n'kundigwira dzanja kupita nane kwa anamkungwi. Ndidalira, ndidalumbira kuti sindidakule, kuti m'thupi mwanga mulibe chachilendo. Anamkungwi, amayi aakulu olangiza anamwali aja, adangoti, "Onse amatero. Nanga iwe wokonda sukuluwe ungavomere?" Nkhuku idapita kwa amfumu kukanena kuti m'mudzi mwagwa namwali. Adanditsekera m'nyumba, kundilangiza zinthu zimene theka lake sindinkazimva, pomaliza n'kundimeta mpala. Amalume adangoti, "Pangano ndi pangano."

Choona chidatuluka pochapa. Mayi adafikisa nsalu ija mpaka zala kuwawa, koma banga silinkachoka, ndipo linkamata. Adanunkhiza, n'kukhala pansi. "Mwana wanga, uwu ndi utomoni wa mlombwa." Mlombwa ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi, aliyense amadziwa. Ndidati tiyeni tikanene. Mayi adandigwira pakamwa: "Ukufuna kuchititsa manyazi anamkungwi ndi amfumu omwe? Khala chete."

Chete ndidakhaladi, koma maso ayi. Kuseri kwa sukulu kudali mlombwa waukulu. Ndidapitako ngati ndikutola nkhuni, ndipo ndidapeza bala la nkhwangwa pathunthu, utomoni utaumira pomwepo. Wotema mtengowo sadandivutitse kumufuna. Tsiku lina ndikutunga madzi wa makutu uja adadutsa ndi anzake, n'kugwada mwachipongwe, akuomba m'manja: "Anamwali, mwaswera bwanji? Bwerani mudzatikoke makutu!" Atatero adaponya pamapazi panga chigoba cha nkhono, m'kati mwake muli mofiira. Ndimo adatungira utomoni uja. Anzake adaseka mpaka kugwirana mapewa. Nditasenza mtsuko ndidatola chigobacho ndi zala za kuphazi, n'kuchibisa m'chiuno.

Masana alionse khasu lija likalira, linkandipeza ndili pamtondo. Ndinkasinja chimanga ngati ndikusinja mutu wake. Mayi ankati, "Uswa mtondo iwe!" Ndidaganiza zomugenda, ndidaganiza zomukankhira m'chitsime, koma zonsezo zidali zazing'ono. Ndinkafuna kuti naye aimirire pamaso pa anthu, aliyense akumuyang'ana, iye osadziwa kuti chamugwera n'chiyani.

Ndidadikira mpaka udzu udauma, chitedze cha kudambo n'kukhwima. Amene sadakhudzepo chitedze asanene kuti amadziwa kuyabwa. Ubweya wake ukakugwera, umakanda mpaka khungu kutuluka magazi, ndipo ukatuluka thukuta ndiye wachiitana. Ndidapita m'mawa mame asanaume, mphepo ndaipatsa msana. Ndidapana makoko ake ndi kamtengo kong'alula, n'kupalira ubweyawo m'chigoba chija ndi kabango mpaka chidadzaza, kukamwa kwake n'kutsekako ndi chitsononkho. Kaubweya kena kadandigwera padzanja, ndidakanda tsiku lonse, koma ndinkakanda ndikumwetulira.

Mbiri idamveka kuti ansembe akubwera kudzayesa ana. Okhoza adzalandira masileti, ndipo mnyamata woposa onse adzamutenga kukaphunzira ku sukulu yaikulu ya ku mishoni. Ine nditachoka, woposa onse adatsala ndani? Amake adagulitsa mtedza n'kumusokera malaya ndi kabudula wa khaki, woyamba m'moyo wake. Ankauza aliyense pachitsime, ngati ife tilibe makutu.

Tsikulo ana onse adalawirira kukasesa bwalo ndi kuzira mipando. Wa makutu uja adaopa kudetsa zovala zake zatsopano, ndiye adagwira ntchito atavala kansanza, zatsopanozo atazipachika kuseri kuti adzavale mlendo akamafika. Adazipachika pati? Pa mlombwa womwe uja! Ndidati Mulungu alipo. Ndidadutsa ndi mtsuko wanga ngati wopita kumadzi, ndidautula, ndidatsegula chigoba. Ndidathira m'misoko ya kabudula, m'chiuno, m'khwapa mwa malaya, m'khosi. Ndidagogoda chigobacho kuti musatsale kanthu, n'kuchisiya patsinde pa mtengowo kuti adzachione.

Mthuthuthu wa ansembe utamveka, ana adathamanga kukafola. Ife a m'mudzi tidaunjikana pamazenera, omwe adali mabowo chabe. Wa makutu uja adalowa, khaki ali phuliphuli, thukuta lili kamukamu chifukwa chothamanga, ndipo ndiye adaitanidwa poyamba. Adawerenga mzere woyamba bwinobwino. Pa wachiwiri adagwedeza phewa. Kenaka bondo lina lidayamba kukhula linzake. Ansembe, mzungu wa ndevu zofika pachifuwa, adati, "Imirira bwino, mwana wanga." Adayesa, ndimupatse ulemu pamenepo, adayesa mpaka misozi. Basi buku lidagwa pansi, manja onse awiri adalowa m'kabudula, n'kuyamba kudumpha ngati waponda moto. Ana adaphulika nako kuseka. Aphunzitsi adakuwa, "Wapenga kodi?" Iye adatulukira pakhomo ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, malaya kuvulira pabwalo, kabudula kuvulira panjira, amake ali pambuyo, "Mayo, mwana wanga amulodza!"

Ndidamulondola osathamanga. Ndidamupeza kudambo akugubuduka m'matope, akudzikhula ndi mchenga. Ndidagwada, ndidaomba m'manja monga adachitira iye: "Achimwene, mwaswera bwanji?"

Adandiyang'ana, maso ali psuu. "Ndiwe eti? Mfiti iwe! Zija adali masewera chabe!"

"Awanso ndi masewera," ndidatero. Kukoma kwake kwa mawu amenewo, ndikukuuzani, sindidakumvenso pa chakudya chilichonse.

Ansembe adapita atatenga mnyamata wina. Madzulo ake aphunzitsi adatiitana tonse pabwalo la sukulu, makolo ali pomwepo. Iye atanditchula, sindidakane. Ndidakatenga chigoba chija patsinde pa mlombwa paja n'kuchiika pakati, ndidati, "Chitedze ndathira ndine. Koma mumufunse mwini chigobachi kuti poyamba adatungiramo chiyani." Adayamba kukana, koma anzake aja, poona ndodo, adamupereka. Mayi adabweretsa nsalu ija, banga lili pomwepo, anthu n'kumapatsirana kununkhiza. Aphunzitsi adamukwapula muphwa wawoyo pathupi potupatupa kale, ine osaphethira.

Apa mtima wanga udati basi, choona chaoneka, mawa ndikubwerera pampando wanga. Aphunzitsi nawo adatembenukira kwa amalume mwaulemu: "Mwamva nokha, akulu. Mwanayu sadakule. Tibwezereni."

Amalume adafwenkha fodya wawo, adayetsemula, adapukuta mphuno. "Aphunzitsi, madzi akatayika saoleka. Amfumu nkhuku adadya. Mwanayu adalangizidwa, adametedwa, akudziwa za akulu. Akakhale bwanji pampando umodzi ndi tiana? Komanso mwaona nokha zimene sukulu yanu yamuphunzitsa." Adanyamuka, n'kukutumula fumbi kumbuyo.

Mawa lake khasu lidalira masana monga mwa masiku onse. Mnzanga uja ndidamuika nanzikambe paphewa adadutsa pakhomo pathu atakumbatira sileti yatsopano, ine ndili pamtondo. Sindidalowenso m'kanyumba kaja kupatula Lamulungu. Cholembera ndidadzachigwira imvi zili mbuu, pa sukulu ya akuluakulu, dzanja litauma kale ndi khasu.

Nanga iye? Zotupa zidaphwa sabata isanathe. Chaka chotsatira ansembe adabweranso, adamuyesa, adamutenga. Adaphunzira, adadzakhala mphunzitsi wovala nsapato, anthu n'kumamuvulira zipewa. Tikakumana kumaliro ankandipatsa moni akuseka, ati, "Mayi, mukukumbuka chibwana chathu chija?" Chibwana chathu!

Nthawi ina poulula machimo wansembe wina wachikuda adandifunsa ngati ndimamva chisoni ndi chitedze chija. Ndidati, "Chisoni ndili nacho, abambo. Kudambo kuja chitedze chidali chambiri, ine n'kudzaza chigoba chimodzi chokha."