Ziro za asisi

Ndili Fomu 3, asisi anga anabwerako ku nyumba ina ya kufupi ndi Nathenje, kumene anakhala miyezi isanu ndi umodzi. Kumeneko kumakhala amayi ovutika maganizo. Amakambirana m'magulu, amalima dimba, amaphunzira kuugwira mtima. Asisi sanali amisala ayi. Kungoti m'mawa amatha kukukonda mpaka kulira, masana n'kudana nawe, kenako n'kudzicheka pamkono ndi lezala.

Anabwera ndi mapepala atatu a mafunso makumi awiri, oti tiziyankha mwezi uliwonse, anesi a ku Mitundu azidzatenga. Yankho linali nambala: ziro ngati vutolo palibe, folo ngati lili tsiku ndi tsiku. Manambala akakwera, asisi abwerera ku Nathenje. Amayi sawerenga, ndiye cholembera anapatsa ine.

Tinkachitira m'chigafa masana, fodya akulendewera pamwamba pathu.

"Kodi mwamvapo ngati m'kati mwanu mulibe kanthu?"

"Ziro."

"Kodi mwaopapo kuti abale akuthawani?"

"Ziro."

Pa funso la mkwiyo pokha ankati, "Wani, ndikatopa." Ine ndinkasangalala. M'kope langa ndinalemba kuti asisi achira.

Mwezi wachitatu ndinali ndikusoka fodya, zala zili zomata. Potembenuza, mapepala awiri anamatirana osazindikira, ndipo ndinadumpha mafunso asanu ndi awiri. Ndinawerenga lakuti, "Kodi mumadya bwino?"

"Wani, ndikatopa."

Ndinawayang'ana. Maso awo anali pa nsanamira. Ndinapitiriza mpaka mafunso anatha, n'kutseka cholembera. Koma iwo sanaleke.

"Ziro," anatero. Anadikira pang'ono, ngati wina akuwawerengera funso. "Ziro."

Mphepo kunalibe, fodya anali duu. Anayankha kasanu ndi kawiri, m'chigafa muli ife awiri basi.

"Asisi, ndamaliza kalekale."

"Unadumpha," anatero osandicheukira. "Kuja tonse tinaloweza. Wa ziro zambiri ndiye amapita kwawo. Lemba, iwe."

Apo ndi pamene ndinaona kuti avala juzi ya manja aatali, dzuwa likutentha chonchija.

Sindinalembe. Masiku awiri ndinayenda ndi mapepalawo m'chikwama cha kusukulu. Ndikalemba ziro, asisi akhala pakhomo. Ndikanena, andida.

Anesi atafika pa njinga yamoto ndinawapatsa mapepalawo, limene ndinadumpha lija lili loyera.

"Iwe, sukulu yonseyi kulemba ziro kwakukanika?"

"Mayankho akumabwera funso lisanafunsidwe," ndinatero.

Anesi anapinda mapepalawo. Anakhala pansi pafupi ndi asisi, n'kufunsa chimene sichinali papepala: "Achemwali, juziyi simukumva nayo kutentha?"

Asisi anatsegula pakamwa, nambala sinatuluke. Patapita nthawi anapinda okha mkono wa juziyo. Amayi anatembenukira kumbali.

Lachisanu lake tinawaperekeza asisi pokwerera minibasi, akubwerera ku Nathenje. Anatsanzika amayi, ine anandidutsa ngati chitsa.

Panatha masabata atatu. Kenako foni ya amayi inalira, akufuna ine. Anali asisi, ndipo anandikalipira kwa nthawi yaitali: kazitape, wapakamwa, wodzionetsa sukulu. Ndinangoima pakhonde foni ili kukhutu, osadula, mpaka anapuma n'kufunsa ngati ndikusamala nsapato zawo.