Kayendedwe ka Galu Wanga

Chaka chotsatira chisankho cha matipate, ku Mitundu kunalibe nkhani ina koma ya akuba. Nkhuku ikasowa, anthu ankati ndi demokalase. Aliyense ankafuna galu woopsa, ndipo galu weniweni anali kwa ine, mphunzitsi wamba wa kupulayimale.

Anali wamkazi, mtundu uja wa makutu oima ndi msana wakuda umene apolisi amayenda nawo. Anandipatsa ali kamwana ndi bwana wina wa pa esiteti ya fodya pamene ankasamuka, pothokoza kuti ndinkaphunzitsa ana a matenanti ake Loweruka. Ndinkamukonda galuyo mopitirira muyeso, mpaka mayi akunyumba ankati ndawabweretsera mkazi mnzawo.

Chimene chinkatigometsa tonse chinali kayendedwe kake. Poyenda, chiuno chinkagwedezeka uku ndi uku, ndipo pothamanga miyendo yakumbuyo inkadumphira pamodzi. Ife tinkati amenewo ndi matama a galu wachizungu. Munthu akabwera kudzapempheratu kamwana, ndinkachita kumuyendetsera galuyo pabwalo kuti aone yekha kuti si wosakaniza. Ndinalonjeza anthu ambiri, kuposa ana amene galu angabereke.

Alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, ndi amene anapeza wamwamuna wa mtundu womwewo kwa bambo wina wa golosale ku Nathenje. Anagwirizana monga mwa masiku onse, kuti mwini wa wamwamuna adzayamba ndiye kusankha kamwana kamodzi. Nyengo ya galu wanga yofuna wamwamuna itakwana, amatola anakana kumukweza, choncho tinapita pa ngolo ya alamuwo. Njira yonse ndinkangomwetulira ngati ndikukapereka mkwatibwi.

Titafika, bambo wa golosale anatitengera kuseri n'kuliza likhweru. Galu wake anali wamkulu, wokongola nkhope, atagona pansi pa mtengo wa mango. Anatukula mutu n'kugwedeza mchira, koma kudzuka inali ntchito. Anadzikoka ndi miyendo yakutsogolo, mbuyo ikutsalira pansi, ntchafu zowonda ngati za mbuzi yodwala. Ataima, anayenda ndendende ngati wanga, koma akubuula.

"Musadandaule aphunzitsi," anatero bamboyo. "Agalu amenewa sadzuka mwaphuma ngati akumudziwa. Mayi wake ku esiteti ankateronso."

"Esiteti yake iti, bambo?"

Anatchula yomweyo kumene kunachokera wanga. Anali a mimba imodzi, wakeyo ndiye wamkulu ndi zaka zitatu. Galu wanga sindinamutsitse n'komwe pangolo.

Tinadzera kwa alangizi a ziweto pamsika pomwepo. Anamugoneka chammbali, n'kupinda mwendo wakumbuyo pang'onopang'ono, galu n'kulira. Anati fupa la ntchafu silikhazikika bwino m'chiuno, limangosereseka, ndipo vutoli amabadwa nalo, limayenda m'magazi.

"Mukaphatikiza awiri otere, ndiye mwachita kuliitana," anatero. "Ngakhale ndi galu wina, ine sindingakulimbikitseni. Musamunenepetse, musamuthamangitse kwambiri. Adzakhala nanu nthawi yaitali."

Manyazi anandigwira. Zaka ziwiri zonse ndinkaonetsa anthu ululu wa galu wanga n'kumati ndi kunyada.

Pobwerera alamu anakwiya, ng'ombe zawo zayenda mtunda wonsewo pachabe.

"Alamu, inu sukulu yakupwetekani," anatero. "Anthu akufuna galu wouwa, osati wothamanga mpikisano. Akadzayamba kutsimphina, ndani adzakufunseni?"

Ankanena zoona: palibe akanandifunsa. Koma ine ndinali nditamuona galu uja pansi pa mango, akugwedezera mbuye wake mchira koma kulephera kumuthamangira.

Kuyambira pamenepo, nyengo yake ikafika ndinkamutsekera m'khitchini, agalu a m'mudzi n'kumachita msonkhano pakhomo, mayi akunyumba akuwathira madzi. Amene ndinawalonjeza aja ena anati ndine woumira, ena anati ndikufuna galu wabwino akhale kwa ine ndekha. Ndinkangoseka. Patapita nthawi anapeza agalu awo achikuda, ndipo ankauwa bwino lomwe.

Wanga anakalamba pakhonde pathu, wonyezimira ubweya, wodya mosankha, wokondedwa ndi ana athu onse. Chaka chake chomaliza m'mawa uliwonse ndinkamukulunga chitenje chakale pamimba n'kumunyamula mbuyo kuti akafike padzuwa. Ankalemera, msana unkandiwawa, koma mtima unali m'malo. Ndinkanyamula mmodzi yekha, ndipo m'midzi yonse yozungulira munalibe galu wina wokwawa chifukwa cha ine.