Makutu Odzera M'waya wa Telefoni

Modemu ija, kabokosi kolumikiza kompyuta ku telefoni, inafika mu ofesi mwathu ku Domasi ndi mbiri yoti ndi yaliwiro loopsa. Ine ndinali wotayipa makalata, ndiye anaiika patebulo panga. Koma waya wathu, mayo ine! Unkadutsa m'mitengo ya mango kuchokera kumsewu, wolumikizalumikiza, ndipo mvula ikangowaza munkamveka kuthetheka ngati wina akukazinga chimanga. Modemu inkalira mogonthetsa m'kutu, n'kugwira, kenako n'kuduka usanawerenge ndi moni yemwe.

Amisiri ena ochokera ku Zomba anandilangiza kuti ndiziitsitsa liwiro. Ankati pa waya wotere ikathamanga imapunthwa, koma ikayenda pang'onopang'ono imafika. Ine ndinkaona ngati akungondinamiza.

Nthawi imeneyo achimwene anga anali kusukulu kunja kwa dziko, ndipo alamu anabereka mwana wamwamuna komweko. Dzina linkadikira bambo athu. Bambo anakanitsitsa kutcha mwana amene sanamuone nkhope, ati kwathu sitichita choncho. Anali atadwala chifuwa kwa miyezi, thupi litatheratu, ndipo tonse tinkadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti chithunzi cha papositi chikhoza kuwapeza atapita. Achimwene anati atumiza china pa imelo.

Bambo ndinakawatenga kumudzi kwa Malemia chakumasana, dzuwa litaumitsa waya, mitambo isanatsike m'phiri. Anakhala pampando wa alendo, chipewa chili pamaondo. Ine ndi phuma langali ndinasiya modemu pa liwiro lapamwamba lomwe lija. Inaduka kawiri. Ndinadzitukwana chamumtima, n'kutsitsa monga anandiuzira amisiri aja. Kenako ndinazungulira maofesi onse kuchenjeza kuti wonyamula foni andidziwa, poti waya unali umodzi womwewo.

Ulendo uno inagwira. Chithunzi chinayamba kutsika mzeremzere kuchokera pamwamba. Poyamba inali nsalu yoyera yokhayokha, mpaka bambo anafunsa ngati mwanayo amufunditsa kumutu. Kenako kunatulukira tsitsi. Kunja kunayamba kugunda. Panabwera mphumi, makutu, timaso totsinzina.

Ndinali nditagwira kompyuta imeneyo chaka chathunthu, koma tsikulo thupi langa linachita tsemwe. Mwana wobadwira kutsidya kwa nyanja, akubwera kudzera m'waya womwewu umene mbalame zimaterapo, umene ndinkaudutsa pansi m'mawa uliwonse ndikuunyoza! Ndinachita mantha ngakhale kupuma, kuopa kuti ndiudula.

Mvula inayamba kumenya malata, modemu n'kungoti zii. Chithunzi chinaima pamphuno, kumunsi konse kuli mbee. Misozi inalengeza. Ndinayamba kupepesa kuti tiyesanso mawa, ngakhale ndinkadziwa kuti ulendo wina bambo sangaukwanitse.

Bambo anali ataimirira okha, osagwira ndodo, nkhope ataiyandikiza pagalasi la kompyuta.

"Usavutike, mwanawe," anatero. "Makutu awa ndikuwadziwa. Ndi a mng'ono wanga uja anapita ku Mozambiki osabwerako."

Anatchula dzina la mng'ono wawoyo kawiri kuti likhale la mwanayo, ndipo ndinalilemba papepala. Ndinalitumiza mawa lake dzuwa litatentha, pa liwiro lotsika.

Chithunzi cha papositi chinafika titaika kale maliro. Kamwa la mdzukulu wawo bambo sanalione.