Tiyi Amene Ndinadula Lachisanu Loyera

Nkhani iyi sindinauzepo munthu kuyambira ubwana wanga mpaka chaka chino. Mkazi wanga, amene ndinakhala naye mpaka imvi, anapita osaimva. Ndaganiza zoilemba ndi dzanja langa, poti kulemba tsopano ndimatha, ngakhale ndadziwira kuukalamba.

Ndikakumbukira a Muhiwa, ndimamva kaye fungo la tiyi wouma lochokera kufakitale, lija linkatsika ndi nkhungu m'mawa n'kulowa m'malayini momwe tinkakhala ife a pa esiteti, kenako ndimamva mpeni ukulira pa mwala wonolera. Nyumba yawo ndi yathu zinali za khoma limodzi, moti iwo akayetsemula, bambo anga ankayankha ali kwathu kuti pepani. Ife ana tinkawatchula anganga ngakhale panalibe ubale. Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, woseka ndi thupi lonse, ndipo pakhomo pawo panatsala mwana mmodzi, chitsirizira wawo Felesiya, amene ankandiposa zaka zingapo.

Ntchito yawo inali yodulira tiyi. Miyezi yozizira, mvula ya chiperoni ikamawaza, ankalowa m'munda ndi gulu lawo, saka pamapewa, n'kumadula mitengo ya tiyi kulekeza m'mawondo, mpaka phiri lonse lobiriwira lija kutsala zitsa zotuwa ngati padutsa moto. Mpeni wawo unali wokhota kunsonga, ndipo pachigwiriro anawotchapo timizere titatu ndi waya wamoto, poti dzina lawo sankatha kulemba. Anzawo ankabweza mipeni kusitolo ya esiteti nyengo yodulira ikatha, koma iwo, monga mkulu wa odulira, ankaloledwa kusunga wawo. Ankautsomeka kudenga la khonde, ndipo Loweruka lililonse ankautsitsa n'kuunola, kaya kuli ntchito kaya kulibe, uku akuimba nyimbo za kutchalitchi m'Chilomwe ndi mawu okanda m'khutu.

"Bambo a Felesiya, nkhuku zathawa ndi kuimba kwanuko," ankatero mkazi wawo.

"Sizinathawe, mayi. Zapita kukaitana zinzake."

Tsiku lina ndikuchokera kotola nkhuni ndinawapeza pakati pa zitsa zija, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi.

"Anganga, mwapha tiyi yense. Bwana sakumangani?"

"Labisoni, ine ndimapha, Mulungu amadzutsa. Tinagawana ntchito."

"Ndiye adzuka liti?"

"Amachedwa ameneyu, mphwanga, ndi waulesi. Sanatengere Ambuye."

Mawu amenewo anakhala m'mutu mwanga miyezi yambiri.

Pasaka pa esiteti pathu inkagwa nthawi yomwe tiyi ali pachimake, anthu atatopa ndi kuthyola, koma sewero la kutchalitchi silinkalephereka. Manda tinkamanga ndi madengu othyolera tiyi, n'kuwafunditsa masaka, ndipo mwala wotsekera unali lichero lalikulu la amayi a mvano. A Muhiwa chaka chilichonse ankakhala msilikali wolondera manda, atavala mphika kumutu, mtengo wa bulugamu m'manja. Mngelo akangotulukira atafunda nsalu yoyera, asilikali ena ankangogona pansi mwakachetechete, koma iwo ayi. Ankayamba ndi kunjenjemera mawondo, kenako kuponya mtengo uja, kuzungulira kawiri, kuyang'ana malo opanda matope, kenako n'kugwa chagada miyendo ili m'mwamba, mphika n'kumagubuduka mpaka pamapazi pa abusa. Amayi ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi zitenje. Mkulu wa mpingo wina anawadzudzula kuti akusandutsa zoyera kukhala nthabwala.

"Akulu," anayankha iwo, "inuyo munakwirira munthu Lachisanu, ndiye Lamulungu akutuluka akuyenda. Mungagwe mwaulemu?"

Sewero linkathera pomwepo, manda ali pululu, amayi akuthamanga kukauza anthu, mpingo wonse n'kuimirira kuimba. Ine ndinkayesa kuti nkhaniyo imatheradi pamenepo.

Chaka chotsatira kucheza kwathu kwa pa zitsa kuja, Lachisanu Loyera m'mawa, mlaliki anabwereza kangapo kuti Ambuye anafa Lachisanu masana ndipo anauka tsiku lachitatu. Ndili pa mkeka wa ana kutsogolo, nzeru inandifikira. Ndinaona kuti tiyi amachedwa kudzuka chifukwa amamudula pa masiku olakwika. Atadulidwa Lachisanu lomweli, masana omwewo, pofika Lamulungu akhala ataphuka. Ndinkadziona ndikuwakoka dzanja anganga kukawaonetsa, iwo akugwa chagada pamaso panga ngati m'sewero muja.

Akuluakulu atabwerera ku mapemphero a masana, ndinakwera pa mtondo n'kusolola mpeni uja kudenga. Ndinasankha munda wa m'mbali mwa msewu, kuti chozizwitsacho anthu adzachione bwino. Sindinaganize kuti ndi msewu womwe galimoto ya bwana inkadutsa tsiku ndi tsiku. Mtengo wa tiyi ndi wolimba kuposa mmene umaonekera. Ndinatema, ndinapotokola, nthambi zina ndinachita kuzithyola ndi phazi, ndipo nditamaliza mitengo isanu ndi iwiri manja anali atatuluka matuza. Kenako ndinamva mlonda akutsokomola kumtunda. Ndinathawa, mpeni n'kutsala pomwepo.

Lamulungu kutangoyera ndinathamangirako. Ndinapeza zitsa zong'ambikang'ambika, masamba atafota pansi, ngakhale kamphukira kamodzi ayi. Mpeni panalibe. Tsiku limenelo m'sewero a Muhiwa anagwa bwino kuposa zaka zonse, mphika unakafika panja, koma ine sindinaseke.

Kapitawo anafika Lolemba m'mawa wezulo ya kufakitale isanalire, mpeni uli m'manja, anthu a m'malayini atatuluka pamakomo. Ine ndinali kuseri kwa amayi anga, manja nditabisa m'khwapa.

"A Muhiwa, mpeni uwu ndi wa yani?"

"Ndi wanga, akapitawo. Timizereto ndi tanga."

"Ndiye tiyi wa kumsewu munadula ndinu?"

"Ndakaona dzulo. Kadulidwe kake ndi komvetsa manyazi."

"Sindinafunse zimenezo. Anadula ndani?"

"Mpeni ndi wanga, ndipo ndinausunga pofikira aliyense. Mlandu wa mpeni ndi wa mwini mpeni."

Aliyense ankadziwa lamulo la pa esiteti: mwana akaononga, wochotsedwa ntchito ndi bambo ake, ndipo nyumba imapita limodzi ndi ntchito. Bambo anga anali ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo makolo awo atachoka ku Mozambiki sanapeze malo olima kuno. Tikanachotsedwa, tinalibe kolowera. A Muhiwa anali ndi kamunda ka kuchikamwini ku Thekerani. Zimenezi ndinadzazimvetsa nditakula. Tsiku limenelo chomwe ndinkadziwa n'chakuti pakamwa panga pakanatha kutseguka, koma sipanatseguke.

A Muhiwa anawachotsa ntchito n'kuwapatsa masiku atatu kuti asamuke. Tsiku lonyamuka, mkazi wawo atasenza mtolo wa ziwiya, Felesiya atanyamula nkhuku ziwiri maso ali ofiira, iwo anandiitana kuseri kwa nyumba. Anagwira manja anga, kuwatembenuza, n'kuyang'ana matuza aja. Kenako anayamba kuseka mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Unkadikira masiku atatu eti?"

Ndinabweza manja anga n'kuwabisa m'khwapa.

"Masiku atatu ndi a Mmodzi yekha, Labisoni. Tiyi amafuna masabata. Ife anthu ndiye tidikira kwambiri, koma tidzadzuka ndithu. Uzikamuona tiyi wakoyo."

Anadikira pang'ono, ndikhulupirira kuti ankadikira mawu anga. Ine ndinangoyang'ana zala za kumapazi.

"Chabwino," anatero. "Zotsalazo tikakambirana tikadzauka."

Anatsika njira ya kumtsinje ndi miyendo yawo ya matewe ija, ndipo sindinawaonenso. Patapita madzinja awiri tinamva kuti amwalira ku Thekerani. Akuti khasu silinawayanje, ndipo chaka chachiwiricho kunali njala kumeneko.

Tiyi uja anaphukadi patatha masabata angapo. Nditakula ndinalowa ntchito yomweyo yodulira, ndipo mitengo isanu ndi iwiri ija ndaidulirapo kambirimbiri, mwaluso tsopano. Choncho za kuuka kwa akufa sindinakayikepo. Vuto langa linali lakuti ndinkakhulupirira kwambiri. Pamaliro mlaliki akanena kuti tidzaonananso, anzanga ankapukuta misozi n'kupeza mtima, koma ine ayi. Ndinkaona manda akutseguka, a Muhiwa akudzisasa fumbi, akuunguzaunguza pakati pa khamu lonse lija n'kumafunsa kuti, kodi Labisoni ali kuti, tili ndi zokambirana. Ndiye ndikanawauza chiyani? Kuti ndinadya, ndinakula, ndinakwatira ndili m'nyumba ya esiteti, iwo akufa ndi njala chifukwa cha pakamwa panga potseka?

Pasaka iliyonse ndinkadwala. Mkazi wanga anafika pozolowera.

"Bambo, mawa ndi Lachisanu Loyera. Ndikonzeretu mankhwala a m'mimba, kapena chaka chino ndi mutu?"

Tinkaseka tonse, koma chifukwa chake sanachidziwe.

Sukulu sindinapite ndili mwana. Nditapuma pa ntchito, mkazi wanga atatisiya, masiku anatalika, ndipo ndinalowa sukulu ya kwacha ku Khonjeni komwe ndikukhala tsopano. M'kalasi monse mwamuna ndinali ndekha pakati pa amayi khumi ndi awiri, ndipo ankandiseka kuti ndimagwira pensulo ngati ndikufuna kuidulira. Zaka zitatu zinatha ndisanathe kuwerenga mzere wathunthu osapuma. Koma chaka chino, Lolemba la Pasaka masana, ndinakhala pakhonde ndi mawu a Mulungu pamiyendo, ndikulondola ndi chala nkhani ya manda ija. Ndinafika pomwe sewero lathu linkathera, ndipo ndinaona kuti masamba akupitirira. Mwina abusa anawerengapo mbali imeneyo ine ndilipo, koma munthu wodwala m'mimba samva ulaliki.

Ndinapeza kuti Ambuye atauka anapita kukafuna Petulo, yemwe uja anawakana katatu pa tsiku la mlandu, munthu wotseka pakamwa ngati ine, kapena kuposa ine, poti iye anachita kulumbira. Ndinawerenga ndikudikira kuti tsopano amukhaulitsa. Koma ndinapeza Ambuye atasonkha makala, akuwotcha nsomba, n'kuitana Petulo ndi anzake kuti adye. Anadya kaye. Zokambirana zinabwera pambuyo, munthu atakhuta, ndipo mapeto ake anamupatsanso ntchito.

Ndinabwereza kawiri, kuopa kuti mwina ndi kuwerenga kwanga kwa kuukalamba. Kenako ndinaseka ndekha pakhonde paja mpaka mayi woyandikana nane anasuzumira pa mpanda kufunsa ngati ndili bwino.

Ine si mlaliki, koma zimene ndinaona tsiku limenelo ndi izi. Ambuye akanapanda kuuka, Petulo akanakhala moyo wake wonse akudzidzimuka tambala akalira, wopanda wokamupepesa, poti wakufa sumupepesa. Mlandu wake ukanauma pomwepo ngati chitsa. Kuuka kuja ndi kumene kunatsegula njira yoti nkhani ipitirire. Ine zaka zonsezi ndinkayesa kuti a Muhiwa anandiitanira ku bwalo la milandu. Ndinaiwala kuti ponena mawu aja, munthuyo ankaseka.

Koma ndinaonanso kuti pa tsiku lija panali wina amene sankaseka, uja ananyamula nkhuku ziwiri. Ameneyo sindinafunike kudikira kuti adzauke. Ndinali nditamva kwa anthu a mumpingo kuti a Felesiya akadali moyo ku Thekerani, pamudzi pa amayi awo, ndipo nthawi zonse ndikamva dzina limeneli ndinkasintha nkhani.

M'mawa mwake ndinavala jekete langa la kutchalitchi, ndinagula milamba iwiri youma pamsika, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza. Msewu wa kumeneko ndi wa zitunda ndi zigwa, ndipo kawiri konse ndinatsala pang'ono kumuuza woyendetsayo kuti tibwerere. Titafika ndinafunsa nyumba, anthu n'kundilozera. Ndinapeza gogo wamfupi akusola nandolo pakhonde, ndipo ataimirira kundilandira ndinaona miyendo ya matewe ija.

"Odi, mayi. Ine ndine Labisoni, wa m'malayini muja, khomo loyandikana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pachipumi.

"Labisoni wa mamina uja? Mwakalamba bwanji, achimwene. Khalani apa."

Sindinakhale. Ndinawapatsa nsomba zija ndi manja awiri, ndipo ndinanena mawu amene ndinkayeseza njira yonse.

"Ndabwera ndi nkhani ya mpeni wa bambo anu."

Anayang'ana nsombazo, kenako ine, kenako nsombazo. Anakokera mbaula pafupi ndi phazi n'kuyamba kukupiza makala ndi chivindikiro cha poto.

"Yachedwa kale imeneyo, siingathawe," anatero. "Khalani pansi, izi zipse kaye."

Ndinakhala pansi.