Ndinkaluka Zingwe za Dario

Maganizo ochoka anandibwerera nditagwira ntchito ya mafizo, yowongola ziwalo za odwala, zaka zisanu ndi ziwiri ku Zomba, malipiro akutha mwezi usanafike pakati. Mnzanga wa kusukulu anali ku Canada, ndipo zithunzi zake zinkandisowetsa mtendere. Nditawauza bambo, amene anali mphunzitsi wopuma ntchito, sanakane. Anangoti ndipite, koma ndisakataye sukulu yanga n'kukakhala wosesa m'nyumba za eni. Ndinaseka, chifukwa ndinkaona ngati akunena za munthu wina.

Ku Toronto mapepala anga anawayang'ana mwaulemu n'kundibwezera. Anati ndilembe mayeso awo. Ndinalemba kawiri, ndinalephera kawiri. Mpaka lero sindimvetsa, chifukwa phewa la mzungu ndi phewa la munthu wa ku Chinamwali n'chimodzimodzi. Ntchito imene ndinapeza inali pa kalabu ina ya tenisi, m'kachipinda ka kuseri, yoluka zingwe za raketi, chomenyera mpira chija. Ndinkachoka ku Scarborough, kumene ndinkakhala, m'mawa, basi, sitima ya pansi, basi inanso, n'kukaima pa makina tsiku lonse. Panali masiku amene mawu anga onse anali "zikomo" ndi "mawa".

Kunyumba ndinangonena kuti ndikugwira ntchito ndi osewera tenisi. Silinali bodza lenileni, koma ndinkadziwa mmene alimvere. Pasanathe mwezi, mpingo wonse wa bambo unali utadziwa kuti Limbani ndi dokotala wa akatswiri a masewera. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo mlongo wanga Tamanda ankayankha kuti zafika, onse ali bwino. Inenso ndinkati ndili bwino. Patapita nthawi bambo anasiya kulankhula pafoni, ankangopereka moni kudzera mwa Tamanda. Kunena zoona zinandipepukira, poti mawu awo ndi amene ankandichititsa manyazi.

Dario anafika m'chaka changa chachitatu, nthawi ya chisanu. Anali Mtaliyana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wochokera m'katauni kena kum'mwera kwa dziko lawo, ndipo anali atangoyamba kumene kusewera tenisi ngati ntchito. Anabwerera timipikisano ting'onoting'ono ta m'dera la Toronto, ndipo ankachita masewera okonzekera pa kalabu pathu. Katundu wake yense anali chikwama chimodzi ndi maraketi anayi. Ankaima pambali panga ndikamaluka, akuyang'anitsitsa ngati mayi amene akuonerera mwana wake akumetedwa.

Ntchito yakeyo inkandizunguza mutu. Ndege ankalipira yekha, chipinda yekha, zingwe yekha. Akagonja Lachiwiri, sabata yatha basi, adikire mpikisano wina. Ndinamufunsa kuti ndi ntchito yanji imeneyi yomangoluza. Anandifotokozera kuti pa anthu makumi atatu ndi awiri olowa mpikisano, wopita kwawo osagonja amakhala mmodzi yekha, ndiye kugonja ndiye ntchitoyo. Ndinagwedeza mutu, koma sindinamve.

Chinandidabwitsa kwambiri chinali foni. Akangotuluka m'bwalo, thukuta lisanaume, ankaimbira mayi ake. Chitaliyana sindichidziwa, koma sipankafunika womasulira. Iye ankakweza mawu, iwo ankakweza mawu, manja ali m'mwamba, kenako onse n'kutsika. Ndinamufunsa tsiku lina zimene amakambirana. Anati amawauza kuti wasewera ngati mbuzi, iwo amavomereza, kenako amamufunsa ngati wadya.

Phewa lake ndinaliona ndekha, mmene ankanyamulira chikwama. Ndinamuuza kuti akweze mkono, ndinagwira pamene ndinkakayikira, iye analumpha. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamuchititsa mafizo m'kachipinda kaja, pakati pa makatoni a mipira. Manja anga anakumbukira zonse. Ndinasangalala, komanso zinandiwawa, ndipo sindinadziwe kuti chachikulu n'chiti.

Sabata ina anapambana kawiri motsatizana. Anandiuza akuseka kuti Lachisanu asewera masewera aakulu kuposa onse amene anasewerapo, koma womuonerera adzakhala mipando. Ndinalakwitsa kuitchula nkhaniyi pa mapemphero a pakati pa sabata ku mpingo wathu wa anthu a kwathu. Mayi Zulu, namwino wa ku Chipata amene ankatsogolera kwaya yathu, anaimva ngati nkhani ya mwana wamasiye.

"Mwana wa eni ake asewere yekhayekha ife tilipo? Ayi, a Limbani. Amene ali ofu Lachisanu, tikamusapota."

Anabwera anthu khumi ndi mmodzi, ena atavala zitenje pamwamba pa majekete. Apa ndiyenera kuulula kuti zaka zitatu zonsezo ndinali ndisanakhalepo pansi kuonerera mpikisano weniweni. Ndinkadziwa zingwe, osati mwambo wake. Sindinadziwe kuti wosewera akamaponya mpira m'mwamba, bwalo lonse limakhala chete ngati m'chipinda cha mayeso. Ife tinachemerera monga timachitira ku mpira wa miyendo. Wopikisana ndi Dario akamenyetsa mpira pa ukonde, nthungululu. Woyimbira anatipempha kawiri kuti tikhale chete, ife tinaganiza kuti akukondera. Pa nthawi yovuta kwenikweni, Dario ataponya mpira m'mwamba, Mayi Zulu anayambitsa nyimbo yoti Yehova amenya nkhondo. Mpira unapita kunja, wachiwirinso kunja. Anatiyang'ana ndi nkhope imene sindidzaiwala, ndipo masewerawo anagonja.

Ndinaganiza kuti ubale wathu wathera pomwepo. Koma anthu a kwathu akalakwa sathawa, amabwera ambiri. Loweruka masana tonse tinapita kuchipinda chimene ankachita lendi. Amayi anakhala pansi m'mbali mwa khoma, miyendo atatambasula, abambo tinaima pakhomo titagwira zipewa. Panalibe wolankhula. Kenako mmodzimmodzi anadzuka kukamugwira dzanja, "Pepani, pepani," ndipo Mayi Zulu anaika envulopu ya chipepeso ndi beseni la mandasi patebulo. Dario anatuwa. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndimuuze msanga amene wamwalira.

Nditamufotokozera kuti tabwera kudzamupepesa chifukwa cha kugonja, anaseka mpaka anakhala pansi pamodzi ndi amayi aja. Anafunsa ngati azibwera sabata iliyonse, poti iye amagonja sabata iliyonse. Mandasi anadya asanu.

Anthu atapita ndinatsala kuti ndione phewa lija. Ali chigonere anandifunsa zimene bambo anga amanena poona kuti munthu wodziwa ntchito chonchi akuluka zingwe. Ndinati sakudziwa. Anadzuka n'kundiyang'ana mmene ine ndinkamuyang'anira iye akamakamba za ntchito yake.

"Nanga iwe ukaluza umauza ndani?"

Ndinangomugonekanso n'kupitiriza ndi phewa lija. Anachoka kumapeto kwa mwezi umenewo kupita ku mipikisano ina. Masiku ano dzina lake likukwera pang'onopang'ono, ndipo amanditumizirabe uthenga akagonja, mwina kuti tikonzekere mandasi. Funso lake linatsala nane m'basi, m'sitima, pa makina. Chaka chotsatira ndinapempha tchuthi n'kugula tikiti. Mawu okawauza bambo ndinawayeserera ulendo wonse.

Tamanda anandichingamira ku Chileka. M'galimoto anakamba za mvula, za mitengo ya zinthu, za ana a anthu amene ndinali nditawaiwala. Ndikafunsa za bambo ankati ndikawaona ndekha. Ndinaganiza kuti amva kale za zingwe ndipo akwiya.

Ndinawapeza pakhonde, pa mpando wawo wakale. Sanadzuke. Anandipatsa dzanja lamanzere. Lamanja linali pamwendo, zala zitapindikira m'kati, ndipo pakamwa panali patapotoka pang'ono. Sindinafunike kuuzidwa. Ndinafunsa kuti zinachitika liti, Tamanda anayang'ana pansi nati papita zaka ziwiri. Bambo analetsa aliyense kundiuza. Anati Limbani ali ndi odwala ake kumeneko, anthu otchuka, akamva asiya ntchito yabwino n'kuthamangira kuno. Ku mafizo anapita kangapo, kenako ulendo unawakulira, anasiya.

Ndinagwada n'kutenga dzanjalo. Linali lolimba ngati chikuni. Aliyense wa ntchito yanga amadziwa kuti munthu akagwidwa sitiroko, miyezi yoyambirira ndi imene dzanja limabwerera kapena kupitiratu. Miyezi imeneyo ine ndinali m'kachipinda ka kuseri, ndikusamala phewa la mwana wa eni. Mawu onse amene ndinayeserera anathawa, anatsala ochepa okha.

"Bambo, ine ndilibe odwala. Mayeso ndinalephera. Ndimaluka zingwe za raketi."

 Polankhula, mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi.

"Ndiye ukanatha kubwera?"

"Ndikanabwera sabata yomweyo."

Anayang'ana dzanja lawo, kenako ine, kenako Tamanda, amene anali akulira mwakachetechete pakhomo. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangoti, "Ifetu tinkati tikukusunga."

Inenso ndinkati ndikuwasunga. Zaka zinayi tonse tinkatumizirana "tili bwino" mokhulupirika, aliyense akubisa chinthu chimene mnzake yekha ndiye akanachiritsa, ndipo mpaka pano sindidziwa kuti ndikwiyire ndani. Tsiku la tikiti yobwerera linadutsa ndili kuno. M'mawa uliwonse ndimakhala nawo pakhonde n'kumatambasula zalazo chimodzichimodzi, iwo akutukwana pang'ono chifukwa cha ululu. Dzulo chala chachikulu chinasuntha chokha, pang'ono kwambiri. Anandifunsa ngati dzanjalo lidzagwirenso choko. Ndinawauza kuti ayi, koma mwina supuni.