Atandisoka Chifu ku Joni

Ndinabwerako ku Joni ndi chifu chochepa ngati dzira la nkhuku, ndipo ndinkangoseka chilichonse. Basi itanditsitsa ku Salima ndinaseka. Galimoto ya nsomba imene inatinyamula kupita ku Senga Bay itagwera m'dzenje, bala n'kundibaya, ndinakuwa kuti mayo, kenako n'kuyambanso kuseka. Bambo a kunyumba anandiyang'ana cham'mbali n'kufunsa ngati azunguwo sanandidulekonso kena kake m'mutu. Ine m'njira monsemo ndinkangoganiza za munthu mmodzi, mnzanga wa kumathandala oyanikira usipa. Ndinkafuna andione, andiseke, tisekere limodzi. Sindinkadziwa kuti kachifu kameneko katsala pang'ono kundilanda mnzangayo.

Ndinali mayi wonenepa, abale, osati kunenepa kosiririka kuja koti anthu azitamanda mwamuna wako kuti amasamala. Kwanga kunali kwa matenda. Mawondo ankalira ndikamadzuka. Kuchoka pakhomo kukafika kumathandala, kumene tinkayanika usipa, ndinkakhala pansi panjira, wefuwefu ngati ng'ombe ya pangolo. Shuga anabwera, magazi nawo n'kuyamba kuthamanga, mpaka dokotala ku Lilongwe anandiuza mosabisa kuti mtima wanga watopa. Mchimwene wanga ankaphika kunyumba kwa dokotala wina wachizungu ku Joni, ndipo ndiye anandichondererako. Zinali zaka zija zoti polowa mumsika unkayamba waonetsa khadi la chipani, ndipo munthu wamba ngati ine kupita kunja kukachira chinali chinthu chosamveka. Kumeneko anandisoka chifu, n'kusiya kathumba kakang'ono kumtunda kuti ndizikhuta msanga. Anandilangiza mwamphamvu: phala lamadzimadzi, msuzi, pang'onopang'ono, ukachita dyera ulusi uduka.

Mnzanga uja anali Msilamu, ine wa kutchalitchi, koma thandala lake ndi langa zinayandikana kuyambira tili atsikana a mwana mmodzimmodzi. Masana aliwonse tinkadya mbale imodzi pansi pa mtengo wa mango. Lero waphika iye, mawa ine. Iye ankadziwa kutendera mpunga, mayi ameneyo! Nsinjiro zake zinkamveka fungo uli kutsidya kwa msewu. Ine ndinasiya kugula nyama yosachinjidwa ndi shehe chifukwa cha iye, ndipo sindinadandaulepo. Tinkaitanana kuti achemwali, mpaka alendo ankayesa ndife a mimba imodzi.

Nditangofika, pakhomo panadzaza anthu odzandizonda. Aliyense ndi kake: uyu nthochi, uyu mbatata, uyu nkhuku yamoyo. Ine ndili pamphasa, ndatsamira khoma, kuseka ngati ndamwa thobwa losasa. Ndinkawafotokozera za ndege, za zimbudzi za m'ndegemo, za namwino wina amene ankandiyeza madzi akumwa ndi kasipuni ngati ndine kamwana ka mphaka. Azimayi ankagwa nako kuseka.

Kenako achemwali aja anatulukira, mbale itamangidwa m'nsalu pamutu. Tinakumbatirana mosamala, iwo akulira, ine ndikuseka. Atamasula nsaluyo, fungo linandimenya: mpunga wotendera, pamwamba pake mutu wa chambo. Malovu anadzaza m'kamwa.

"Idyani, achemwali," anatero. "Zakudya za azungu zakuyamwani masaya."

"Pepani, achemwali, sindingathe. Andisoka m'kati."

"Ngakhale kulawa?"

"Ngakhale kulawa. Ndikadya izi ndiphulika ngati chubu cha njinga."

Azimayi aja anayang'anizana. Mnzangayo anapempha madzi, n'kusamba m'manja. Anati bisimilahi, n'kutapa mpunga mbali iyi ya mbale, kudya. Anatembenuza mbale, kutapanso mbali inayo, kudya. Anabenthula nsomba, kudya, maso ali pa ine. Ine, mutu wopepuka uja, ndinaona ngati sewero. Ndinawomba m'manja n'kunena kuti, "Ha! Achemwali, mwanyamula mtunda wonsewu kuti mudzadyere pano nokha?" Iwo sanaseke. Anamanganso mbale yawo, n'kutsanzika kwa aliyense kupatula ine.

Ndinati akwiya pang'ono, mawa abwera. Sanabwere. Ine nthawi imeneyo ndinali ndi zambiri zondisangalatsa, moti sindinazitengere kumtima msanga. Thupi linkasungunuka, abale! Tsiku lina ndikusamba ndinaona zala zanga za kumapazi, ndinazipatsa moni mokweza mpaka bambo a kunyumba anathamanga poganiza kuti ndaona njoka. Mphete ya ukwati, imene inali itamira m'chala kwa zaka, inavuka yokha n'kugwera m'beseni. Bulauzi iliyonse inasanduka thumba la chimanga. Amayi oyang'anira magule a chipani atabwera kudzandikumbutsa kuti ndikachira ndibwerere kukavina, ndinayesa nsalu yathu ya chipani ija. Kale ndinkalumikiza ziwiri. Tsopano imodzi inazungulira n'kutsalako, nkhope ya mtsogoleri imene inali pansalupo n'kupezeka yakhala pamalo pamene siyinkayenera kukhala. Tinatseka chitseko, n'kuseka titatseka pakamwa ndi manja, poti kuseka kwina masiku amenewo kunkagoneka munthu kupolisi.

Koma kusekako kunkabwera ndi mnzake. Dzuwa likafika pamutu, aneba akayamba kukazinga usipa, mtima unkandigwa. Njala ya m'mimba ndinalibe, koma ya m'kamwa ndi ya m'maso inkandipha. Ndinkatenga kansomba kamodzi, kutafuna, kutafuna, kenako n'kukalavula kuseri kwa khitchini, misozi ili chuchuchu. Ndinkadzifunsa kuti, kodi ndinachitiranji? Bola ndikanafa wokhuta! Tsiku lina ndinawakalipira bambo a kunyumba chifukwa chotafuna chinangwa mokweza. Anthu osalakwa, chinangwa chawo chomwe! Ananyamuka mwakachetechete kukamalizira panja, ine n'kulira poti ndawathamangitsa, kenako n'kuseka poona akutafuna mobisala kuseri kwa mtengo wa mapapaya. Ndinali ngati nyengo ya Disembala, mvula ndi dzuwa nthawi imodzi.

Ndi bambo a kunyumba omwewo amene ananditsegula maso. Ndinkadandaula kuti mnzanga wanditaya, iwo n'kuika chinangwa pansi.

"Mayi, inu simunaone zimene anachita tsiku lija? Analawa mbale mbali zonse pamaso pa anthu."

"Ndinaona. Nanga n'chiyani?"

"Munthu amalawa chotero akamaganiziridwa kuti wathira mankhwala."

Anandiuza zonse. Ine ndili ku Joni, kunyanja kunkamveka manong'onong'o akuti kutupa kwanga kunali kolodzedwa, kuti wina wa pafupi ankachitira nsanje malonda anga, ndiponso kuti sindinapite kwa dokotala ayi, koma kwa sing'anga wamkulu amene wandiuza dzina la mfitiyo. Nanga wa pafupi kuposa amene ndinkadya naye mbale imodzi anali ndani? Ndiye ine kufika, kukana mpunga wake pamaso pa gulu. Basi, mlandu unathera pomwepo. Azimayi ena anasiya kumugula usipa. Iye anasamutsa thandala lake kupita kumapeto, pafupi ndi bango.

Ndinapsa mtima, ine! Ndinatukwana nyanja yonse, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chipoka. Ine kukayikira achemwali anga? Munthu amene anandisambitsa nditabereka mwana wachiwiri? Anthu opanda ntchito, milomo ngati ya ndowa! Ndinatuma mpongozi wanga kukanena kuti zonsezo n'zabodza. Yankho linabwera lalifupi: mawu amvedwa, koma mbale inabwerera yodzaza.

Apo ndinadziwa kuti pakamwa sipathetsa nkhaniyi pokhapokha patalowa mpunga. M'mawa mwake ndinauza bambo a kunyumba kuti apope njinga.

"Njinga? Mukwere inu?"

"Nanga akwere agogo anu?"

Ndinali ndisanakhalepo pakaliyala chikwatiwire. Ndinakhala chammbali, nditagwira malaya awo, ndikudikira kuti matayala aphulike. Sanaphulike. Njinga inayenda! Mphepo inkalowa m'bulauzi yanga yaikulu ija n'kuifufumitsa ngati thanga la bwato. Ndinkakuwa, "Palasani, bambo, palasani!" Asodzi amene ankasoka maukonde anaimirira kuonerera. Mayi wina anagwetsa dengu. Ine ndinkapereka moni uku ndi uku ngati mkwatibwi. Tinafika pakhomo pa mnzangayo ndili ndi chizungulire, sindikudziwa ngati chinali cha njala kapena cha chimwemwe.

Ndinawapeza ali pakhonde, akupeta mpunga. Anandiona, sanadzuke. Bambo a kunyumba anapereka moni, n'kuzemba ndi njinga yawo.

"Odi, achemwali. Ndabwera kudzadya."

"Kuno kulibe zakudya za ku Joni."

"Ndati ndabwera kudzadya. Phikani. Sindichoka."

Anaika lichero pansi, n'kulowa m'khitchini. Ndinamva akusinja mtedza mwaukali, mtondo ukulira ngati walakwa ndiwo. Azimayi awiri a nyumba zoyandikana anayamba kusesa pamalo posesa kale, makutu ali kuno. Ndinati bwino, aone, ndi amene ndikuwafuna.

Mbale itafika, mnzangayo anatambasula dzanja kuti ayambe kulawa. Ndinaligwira dzanjalo.

"Mukalawa, achemwali, ndikumenyani."

Ndinasamba m'manja, n'kutapa. Mayo ine, kukoma kwake! Ndinatsinzina. Ndinatapanso kachiwiri, mokulirapo, kuti osesa aja aone bwino. Mawu a dokotala ankalira m'mutu, ine n'kumati chete iwe, suli kuno. Nditameza kachitatu, ndinamva ngati wina wandikhomera chikhomo pansi pa nthiti. Thukuta linatuluka thupi lonse. Mtima unagunda ngati ng'oma. Ndinayesa kumwetulira, ndinayesanso kutapa, koma dzanja linakana. Ndinakwawa mpaka kumpanda wa bango, n'kubweza zonse.

Ndinamva dzanja lozizira pachipumi panga, lina likundisisita kumsana. "Walahi, mayi uyu afera pakhomo panga! Achemwali! Achemwali, pumani!" Anandikokera m'nyumba, n'kundigoneka pamkeka, uku akundipepesa, uku akunditukwana kuti ndine chitsiru. Ululu utayamba kuchepa ndinamasula nsalu, n'kukweza bulauzi. Chipsera chinali chikadali chofiira, kuchokera pansi pa chifuwa mpaka pamchombo, timabowo ta ulusi tili ndandanda mbali zonse. Anachiyang'ana, n'kuchikhudza ndi nsonga ya chala.

"Anakutumbulani ngati kampango," anatero.

Ndinaphulika kuseka, bala n'kumapweteka, ine n'kumasekabe. Nawonso anaseka, kuseka kwenikweni kuja kwa pansi pa mango, mpaka anagwira m'mimba. Anatuluka pakhomo n'kuitana osesa aja. "Bwerani, bwerani mudzaone mankhwala amene ndinamuthirira!" Analowa mwamanyazi, anaona, n'kutuluka. Ndinadziwa kuti pofika madzulo nyanja yonse ikhala itamva.

Titatsala awiri anandifunsa kuti, "Ndiye zimenezi mpaka liti? Mwezi wamawa mudzayamba kudya?"

"Pang'ono pokha. Ngati mmene tinkadyera muja, ayi."

"Chaka chamawa?"

"Mpaka kufa, achemwali."

Kuseka kunathera pomwepo. Anakhala pansi, n'kuvula duku kupukutira nkhope. Ndi pamene ndinawaona bwinobwino. Mafupa a m'khosi anali poyera, zibangili zikutsetsereka mpaka m'chigongono. Ine kuonda kwanga kunali ndi dokotala wake, nanga kwawoku?

"Achemwali, mwadwala?"

"Sindinadwale. Chichokereni inu sindidya masana. Ndimaphika, ndimakhala pansi, koma pandekha mpunga sutsika."

Ndinalira, abale. Tsiku limenelo sindinalirire nsomba kapena mpunga ayi. Ndinkayesa kuti mpeni wa ku Joni unadula ine ndekha, osadziwa kuti unadulanso munthu amene sanakwere ndege.

Anadzuka, n'kukatenga mbale ija pakhonde. Anaiika pakati pathu. Anatapa timpunga tochepa, n'kutifinya ndi zala mumsuzi mpaka tinasanduka phala, ngati mmene timachitira ndi mwana woyamba kudya, n'kutikankhira kumbali yanga ya mbale.

"Zanu ndi izi," anatero. "Muzinyambita pang'onopang'ono, ngakhale mpaka dzuwa lipendeke. Koma dzanja lanu lisachoke m'mbalemu ine ndisanamalize."

Ndinaviika chala. Iwo anati bisimilahi, n'kuyamba kudya ngati munthu wochokera kumunda, misozi ikugwera mumpunga. Anamaliza mbali yawo yonse, ine dzanja langa likadali momwemo.