Chidulo m'Chipinda cha Sayansi

Uthenga unandipeza manja ali m'thovu, ana inu, m'thovu mpaka m'zigongono. Ndinali kuseri kwa chipinda cha sayansi, ndikutsuka magalasi, kamvula kamawawa ka ku Mzuzu kuno kakundinyowetsa msana. Ndinangomva munthu akukuwa kuchokera kugeti: "Anyina Wezi! Anyina Wezi! Ŵamuzunura!" Anali NyaMhone, mnansi wanga wa ku Mchengautuwa, mpango uli m'manja, nsapato imodzi itatsala m'matope. Ŵamuzunura, ndiye kuti amutchula. Masiku amenewo mayina a ana osankhidwa kukapitiriza maphunziro ankawawerenga pa wailesi, ndipo pamzere wa nyumba zathu wailesi inali kwa iye yekha.

"Nadi?" ndinatero ine, kufunsa ngati n'zoona m'Chitumbuka changa chobwereka chija.

"Nadi, mama! Wezi Manda! Wezi wako yemweyu, wa miyendo ngati bango!"

Ndinaimba nthungululu, ndinavina, ndinazungulira mpopi, galasi lili m'dzanja, ndipo silinagwe. Linagwa? Silinagwe ayi. Koma kuti mumve kukoma kwa tsiku limenelo, ndiyambe ndakuuzani mmene mayi wosadziwa kulemba bwino dzina lake analowera m'chipinda cha sayansi.

Ine kwathu ndi ku Chiradzulu. Kumpoto anandibweretsa ndi bambo a Wezi, a Manda a ku Nkhata Bay, kalipentala wa manja abwino. Anatisiya Wezi ali Fomu 2, ndipo ine ndinatsala ndi mwana mmodzi ndi lichero la zitumbuwa. Wezi ankaphunzira sukulu ya madzulo, ija yobwereka makalasi a pulaimale ana aang'ono akaweruka. Fomu 4 anakhoza, anakhoza bwino mwana wanga. Mtima wake unali pa kalasi ija ya chaka chimodzi yokonzekeretsa ana asanalowe ku yunivesite, poti ankafuna za udokotala. Koma chaka chomwecho akuluakulu anasintha lamulo. Kale sayansi ya papepala inkakwanira. Tsopano anati wolowa kalasi imeneyo akhale wokhozanso sayansi ya m'manja, yothira ndi kuyeza m'magalasi woyesa akuyang'ana. Nanga sukulu ya madzulo galasi ikanalitenga kuti? Wezi sayansi yake yonse anaionera pa bolodi, yojambula ndi choko.

Kudandaula mokweza kunalibe. Inali nthawi ya chipani chimodzi, khadi la chipani m'thumba, pakamwa potseka. Lamulo likabwera unkangoti zikomo, kulira ukalirira m'bulangete. Wezi analembetsa kuti adzayesedwenso chaka chinacho ngati wapadera, koma usiku ndi usana funso linali limodzi: adzagwira bwanji chinthu chimene sanachionepo?

Ntchito anandipezera ndi NyaMhone yemweyo. Tikutuluka m'mapemphero a amayi, anandikoka chitenje. "Kusekondale uko wotsuka mabotolo a sayansi wachoka. Pita mawa. Ukavale diresi la kutchalitchi, ndipo usakayambe kuimba."

Ndinapita. Mphunzitsi wa sayansi anali a Msiska, munthu wamtali wosaseka msanga, laya loyera lili ndi mabowo otentha ndi mankhwala.

"Mama, mumawerenga?"

"Nyimbo za m'buku, aphunzitsi, zomwe ndikuzidziwa kale."

"Mumaswa mbale?"

"Makapu a paukwati wanga akadalipo onse."

Anandiyang'ana manja, anandipatsa burashi. Imeneyo ndiye inali ntchito yanga yoyamba yolembedwa, ndili mayi wa imvi zoyamba.

Ha, chipinda chimene chija! Fungo lake ndikulimvabe m'mphuno. Munali matestichubu, timagalasi tangati zala. Munali mabika okhala ngati makapu opanda chogwirira, ndi mafulasiki a thako lalikulu khosi laling'ono. Ndipo munali mfumukazi yawo, biyureti, galasi lalitali lowonda lokhala ndi kampopi kunsi, lodontheza dontho limodzilimodzi. Limenelo ndinkalinyamula ngati khanda la tsiku limodzi. Katsukidwe kake a Msiska anandionetsa kamodzi kokha. Uyambe ndi sopo ndi burashi, utsukuluze ndi madzi a pampopi mpaka thovu lithe, umalize ndi madzi otcheza, kenaka upachike chozondotsa pa zikhomo. Nsalu m'kati ayi. Madzi otchezawo tinkapanga tokha pa kamakina ka pakona, nthunzi kukwera, kuzizira, kudontha. Nditakaona ndinati, "Aphunzitsi, kodi si kachasu uyu?" Anati, "Yemweyo mama, koma wa Akhristu."

Poti kulemba kunkandivuta, zonse ndinkaziika m'nyimbo. Sopo, burashi, madzi a pampopi. Madzi otcheza, mutu pansi. Nsalu ayi, nsalu ayi. Madzulo ndikafika kunyumba Wezi ankandikhazika pampando. "Amayi, lero anachita chiyani? Biyureti amaigwira ndi dzanja liti?" Ine kumuimbira, iye kulemba. Ndinkamuonetsa ndi phesi la chimanga ndi kapu ya tiyi. Koma phesi si galasi, ana inu, phesi silidontha.

Munalinso kabotolo kabulauni ka mankhwala a dzina lalitali lothyola lilime. Ukadontheza m'madzi oyera, madzi ankakhala oyera. Ukadontheza muli asidi, zii. Koma ukadontheza muli zamtundu wa soda, pomwepo pinki, pinki wa diresi la mkwatibwi wa kumudzi. Ine ndinkatcha kabotoloko kazitape, poti kankaulula zimene maso sakuona. A Msiska anayang'ana kukhomo. "Mama, dzina limenelo muzilitchulira m'mimba."

Nditagwira miyezi ingapo ndinalimba mtima ndi kuwauza za Wezi. Anapukusa mutu. "Mwana wakunja kulowa muno, ahedi sangalole." Anapukuta magalasi a m'maso. "Ndiyesa kuwapempha Loweruka limodzi mayeso asanafike. Limodzi basi. Koma inu ntchito yanu ikhale yopanda banga, kuti ndikhale ndi pakamwa poyankhulira."

Loweruka limodzi! Ndinaliimba njira yonse mpaka ku Mchengautuwa.

Ndiye sabata yomweyo sopo anasowa m'tauni. Sitolo ndi sitolo, kulibe. Wa kusukulu anatha Lachitatu. Ndipo ngati kuti zinapangana, mipopi nayo inauma. Lachisanu ana a Fomu 4 anali ndi mayeso oyeserera, ahedi adzaonerera okha, ndipo magalasi anali mulu, onse akuda. A Msiska anali otanganidwa ndi kusakaniza mankhwala. Ndiwavutitse ndi nkhani ya sopo? Ine mwana wa ku Chiradzulu, woleredwa popanda sopo? Ndinati ayi. Kunyumba ndinatentha zitsononkho ndi makoko a nthochi, phulusa ndinaika m'chitini chobowola, kuthira madzi, kudontheza chidulo chakupsa, chija timaphikira therere. Mchenga sindinayerekeze, ndinkadziwa kuti umakanda galasi. Ndinanyamula ndowa ya chidulo pamutu, ndinaviika magalasi onse, ndinawatsukuluza ndi timadzi tochepa tomwe tinatsala mu mgolo, ndinawapachika. Ankawala, ana inu! Ankawala kuposa masiku a sopo. Ndinadziyamikira ndekha.

Lachisanu ndinaima pakhomo, manja kumbuyo. Ana anakhala m'matebulo awo. Ahedi anali kutsogolo, suti yakuda, baji ya chipani pachifuwa. A Msiska anati, "Thirani madzi otcheza m'fulasiki, mudonthezemo mankhwala. Muona kuti sasintha mtundu."

Tebulo loyamba, pinki. Lachiwiri, pinki. Chipinda chonse, pinki, pinki, pinki, ngati maluwa a pamanda. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Sala, tapanga sobo!" Ana anaphulika kuseka. Ahedi sanaseke.

A Msiska ananunkhiza fulasiki, anayesa madzi otcheza paokha, anali bwino. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mama, mwatsuka ndi chiyani?"

"Chidulo, aphunzitsi. Sopo anatha."

Kuseka kwa ana kunafika mpaka kumsewu. Ahedi anandiyang'ana ngati nkhuku yolowa m'tchalitchi. "A Msiska, boma latigulira magalasi kuti aziphikiramo therere? Mayi awa Lolemba ndisawaone."

Si ntchito yokha imene ndinaiona ikupita, ayi. Ndinaona Loweruka la mwana wanga likutuluka pawindo. Ndinagwada pa simenti yozizira ija, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire nyimbo inandithawa pakamwa.

Ana atatuluka, a Msiska anatsala ndi ahedi, ine ndikadali chogwada. Anayankhula mwaulemu, Chizungu pang'ono, Chichewa pang'ono. Anati mayeso ayenera kubwerezedwa Lolemba. Anati galasi lililonse litsukidwenso, ndipo lililonse liyesedwe ndi dontho kuti tione ngati layera. Anati iwo okha sangathe, ndipo munthu watsopano sangaphunzire biyureti masiku awiri osaiswa. "Aloleni akonze chimene awononga. Koma mulu uwu ndi wa anthu awiri. Abwere ndi wowathandiza, wodziwa kuwerenga manambala a pagalasi."

Ahedi anati, "Zanu zimenezo. Lolemba ndikaona pinki, mupitira limodzi."

Atachoka, a Msiska anandiuza kuti ndidzuke. Nkhope inali yolimba. "Mwandichititsa manyazi chomene, mama. Mukasowa chinthu muno muzifunsa. Muno si kukhitchini." Ndinati pepani, pepani aphunzitsi. Anafika pakhomo, anaima. "Chidulo chija chikadalipo?"

"Theka la ndowa."

"Musataye. Ndipo wokuthandizaniyo adye asanabwere."

Loweruka m'mamawa, chifunga chili tolo, ine ndi Wezi tinatunga madzi pachitsime cha kudambo, ndowa ndi ndowa, kukwera nazo kusukulu. A Msiska anabwera ndi chidutswa cha sopo cha akazi awo, chokulunga m'nyuzi. Wezi atalowa m'chipinda muja anaima chilili. Anayang'ana biyureti ngati akuona m'bale amene ankangomumva m'makalata.

"Igwire, iwe," anatero a Msiska. "Siiluma. Amayi ako amavina nayo."

Tinatsuka, tinatsukuluza, tinatcheza madzi. Fulasiki iliyonse Wezi ankaiyesa ndi dontho la kazitape. Yapinki inkabwerera kwa ine, yoyera inkapita pa chikhomo. Dzuwa litakwera a Msiska anatunga chidulo changa, anachisefa, anachithira m'fulasiki, anadonthezamo mankhwala, pinki. Mu biyureti anaikamo asidi wosungunula. "Soda wa sukulu ndi wowerengeka, sindingamuwonongere mwana wakunja. Koma uyu ndi wa amayi ako. Dontheza mpaka pinki athawe, undiuze wathira wochuluka bwanji."

Koyamba Wezi anatsegula kampopi kwambiri, zonse khuthu. "Ukuthirira dimba?" anatero a Msiska. Kachiwiri anawerenga nambala ataimirira. "Diso lifanane ndi madzi, werama!" Kachitatu, kachinayi, sindinawerenge. Ndinkangomva dontho, dontho, dontho, dzanja lamanzere pa kampopi, lamanja likuzunguza fulasiki, ndipo pinki ankazilala, ankazilala, mpaka mbee. Wezi anakuwa, "Amayi, wathawa!" Ine nyimbo inabwerera pakamwa pompo. Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinapitanso. Theka la ndowa lonse linathera m'manja mwa mwana wanga. Amene anapempheredwa Loweruka limodzi anapeza masiku awiri athunthu, ndipo mayeso a m'manja atafika anakhoza.

Lolemba madzi anakhala oyera m'matebulo onse. Ahedi anandidutsa pakhonde osandiyang'ana, ndipo kusandiyang'ana kumeneko ndiye kunali kundilembanso ntchito. Ndinakhala m'chipinda chimene chija mpaka maso atayamba kuchita nkhungu. Ana ankanditcha Gogo Chidulo, ndipo mpaka lero ndikamayenda ku Chibanja, bambo wa mimba yake amaimitsa galimoto: "Monire, Gogo Chidulo!" Ndimayankha ndithu. Ndi dzina la ntchito.

A Msiska anapita kale kukapuma kwa Chiuta. Chipinda chija ndamva anachigwetsa namanga china. Koma chimene anandiphunzitsa ndinachisunga, ndipo adzukulu anga ndimawaimbira: kuwala si kuyera, mwana wanga, kuwala si kuyera, nzeru za kwanu ndi zabwino, koma pakhomo la eni uyambe wafunsa. Ndipo lamulo likasintha usiku, khomo likasunthidwa, usakhale pansi kulira pakhoma. Pita ukatsuke mabotolo pafupi ndi khomolo.

Tsiku la uthenga lija a Msiska anatuluka m'kalasi choko chili m'manja. Sanavine, munthu uja sankavina. Anangoti, "Yewo, mama. Ikani galasilo pansi, pitani kunyumba." Ndipo kunyumba, ana inu, kunyumba kunadzaza! Anabwera NyaMhone, nsapato imodzi yomweyo, wailesi ili pamutu. Anabwera NyaChirwa ndi NyaKaunda a kutchalitchi, buku la nyimbo kukhwapa. Anabwera a Longwe ogulitsa makala, manja akuda bii, kundigwira chanza osapepesa. Anabwera a Phiri a ku Salisbury Lines ndi akazi awo Nachisale, anzanga a kumwera, nkhuku ili m'manja. Anabwera alamu anga a Yotamu Manda kuchokera ku Nkhata Bay pa basi ya mawa lake, ndi nsomba zouma za batala ndi ufa wa kondowole, akulira dzina la mkulu wawo. Anabwera Tiwonge ndi Lusungu, anzake a Wezi a sukulu ya madzulo. Anabwera agogo NyaNyirenda ndi ndodo yawo, amene sankamva kanthu koma anavina kuposa tonse. Ndipo tsiku la uthenga lomwelo, dzuwa likupendeka, pa njinga yakuda, laya la mabowo lomwe lija, anabwera a Msiska.